SABATA YA MWANA WATHU IRI NDI MASIKU ANGATI?

Abale ndi alongo a m'Nthambi yathu, mafumu ndi makolo nonse, cherani khutu.

Pa khoma la ofesi ya mphunzitsi wamkuru pali pepala la ndondomeko ya maphunziro. Pepalalo linena kuti mwana aphunzira masiku asanu, kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu: Cicewa, Cizungu, Masamu ndi zina zotere. Pepala liribe maso. Ife amene tiri nao tawerenga masikuwo pa sukulu ya kwathu kuno, ndipo asanu sitinawapeze ai.

Lolemba ana afika ndi matsace. Asesa, aima pamzere, amva malangizo, ndipo pamene alowa m'kalasi nthawi ya Masamu yapita kale. Laciwiri aphunzira ndithu, tiyamika. Lacitatu ndi tsiku la msika, ndipo ana ambiri ali kumeneko ndi nzimbe ndi zitumbuwa pamutu. Anawatuma ndani? Tisabise mau, ndife makolo. Lacinai kukagwa mvula kalasi ya pansi pa mtengo ibalalika ngati nkhuku zoona kabawi. Lacisanu ndi la kutunga madzi oumbira njerwa, kulambula bwalo ndi mpira. Kukatha mwezi aphunzitsi ali pa ulendo wa ku Boma kukatenga malipiro ao, ana nkumayang'anirana okhaokha.

Tsono tiyeni ticite Masamu amene ana athu akumanidwa. Sukulu ya pulaimale ndi zaka 8. Mwana akataya tsiku limodzi pa sabata iriyonse, pofika Sitandade 8 wataya caka ndi theka ndi kupitirira. Akataya masiku awiri, wataya zaka zitatu zathunthu. Kodi tidabwa ciani akalephera mayeso? Iye alemba pepala limodzimodzi ndi mwana wa ku Blantyre amene anaphunzira masiku ace onse.

Ena adzati mlandu ndi wa aphunzitsi. Ife tikana. Mphunzitsi wa ana 100, pa phunziro la mphindi 30, akafuna kumva mwana aliyense akuwerenga, ndiye kuti mwana mmodzi alandira masekondi 18. Ndani angaphunzitse kuwerenga pa masekondi 18? Mphunzitsi waulesi alipo, ndipo timdziwa; koma ambiri asenza denga okha.

Mu 1994 Boma linacotsa fizi ya pulaimale, ndipo ana a sukulu anacuruka kucokera pa mamiliyoni osakwana awiri kufika pafupifupi atatu m'caka cimodzi. Tinaomba m'manja, ndipo tikuombabe. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazika lamulo lakuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulaimale. Cabwino. Koma walira mvula walira matope: woitana ana onse amangenso makalasi, atumize mabuku, amange nyumba za aphunzitsi ku midzi kuno. Kulemba dzina la mwana m'kaundula si kumphunzitsa. Pamene John Chilembwe anatsegula mishoni yace ku Mbombwe mu 1900 nayambitsa masukulu, sanafune kuti ana a Aafirika adziwe kusesa kokha.

Cifukwa cace Nthambi yathu ikuti:

1. Pepala la ndondomeko licoke m'ofesi, likhomedwe pa citseko ca kalasi iriyonse, kuti kholo lirilonse lidziwe cimene mwana wace ayenera kuphunzira tsiku limenelo.

2. Mwana asagwire khasu kapena ndowa pa nthawi ya phunziro. Njerwa za sukulu tiumba ndife akuru, mudzi ndi mudzi, Loweruka.

3. Kholo lotuma mwana ku msika pa tsiku la sukulu likayankhe kwa mfumu.

4. Komiti ya Sukulu itume munthu mmodzi sabata iriyonse kukawerenga masiku amene ana aphunziradi, ndipo ciwerengeroco cinenedwe poyera pa msonkhano wa makolo, citumizidwenso kwa akuru a maphunziro.

5. Lacisanu lirilonse madzulo kholo litsegule kope la mwana. Ngati inu simudziwa kuwerenga musacite manyazi: werengani masamba amene alembedwa sabata imeneyo, ndipo mwanayo akuwerengereni mokweza. Khutu lanu lidzadziwa ngati akuwerenga kapena akungoimba.

Ofuna mavoti adzabwera ndi magalimoto ndi nsaru zao. Musawafunse za mlatho wokha. Afunseni kuti ana ao aphunzira masiku angati pa sabata, ndipo ana athu angati. Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa.

M'mera mpoyamba, abale. Mwana wa Sitandade 1 sadikira kuti Boma lipeze ndarama. Akukula lero lomwe. Msonkhano wa Nthambi wa mwezi uno ukamba nkhani imeneyi yokha. Bwerani nonse, amuna ndi akazi, ndipo aliyense atenge kope la mwana wace.

Kwaca! Tifuna masiku asanu athunthu!

Ine wanu pa nchito ya mtundu wathu,
MLEMBI WA NTHAMBI