Musanaumbe Njerwa, Kambiranani za Kiyi

Ana anga, pakati pa mzinda wa Berlin pali malo otchedwa Petriplatz. Kale panali tchalitchi, koma chinawonongeka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo zibumi zake boma la East Germany linazigumula mu 1964, malowo n'kusanduka poimikapo magalimoto. Pa 27 Meyi 2021 m'busa, rabi ndi imamu anaimirira pamalo omwewo poika mwala wa maziko a nyumba yoti Akhristu, Ayuda ndi Asilamu azipemphereramo. Anaitcha House of One.

Chimene chinandigwira mtima ndi pulani yake. Akatswiri a Kuehn Malvezzi, amene anapambana mpikisano woijambula mu 2012, sanajambule holo imodzi yoti onse azithinanamo. Anajambula tchalitchi, sunagoge ndi mzikiti, chilichonse ndi chipinda chakechake, ndipo zonse zitatu zimatulukira m'chipinda chachinayi cha pakati, chokumaniranamo. Ku Abu Dhabi nako, pa Abrahamic Family House imene inatsegulidwa mu 2023, David Adjaye anajambula nyumba zitatu zofanana msinkhu, kuti ina isaphimbe inzake: mzikiti wayang'ana ku Mecca, sunagoge ku Yerusalemu, tchalitchi kum'mawa.

Nzeru imeneyi makolo athu ankaidziwa. Pamudzi banja lililonse lili ndi khomo lake ndi mafuwa ake, koma bwalo ndi limodzi, chitsime ndi chimodzi. Mlamu wako umamukonda, koma sumuuza kuti agumule nyumba yake adzagone kwako. Paja nyumba ya mwini saotcheramo mbewa.

Ambiri ofuna mtendere amalakwitsa pomwepa, ndipo amalakwitsa ndi mtima wabwino. Poopa kukhumudwitsa wina amachotsa mtanda, amachotsa mkeka, amachotsa mabuku, n'kusiya chipinda choyera mbee chokhala ndi mipando yapulasitiki. Ndinachiona chipinda chotere pachipatala china kumene ndinkadwazika mchemwali wanga. Usiku wina ndinalowamo kukapemphera, ndipo ndinapezamo mayi wachisilamu amene mwana wake anali ku opaleshoni. Anali ataima pakati pa chipinda, nsapato zili m'manja, akuyang'ana khoma ili ndi ilo, osadziwa koloza nkhope. Panalibe chizindikiro, panalibe madzi osambira m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali. Pansi panali matope a nsapato zathu ife olowa osavula. Anavula mpango wina n'kuuyala pakona. Ine ndinasuntha mipando iwiri kuti apeze pogwada, ndipo manyazi anandigwira. Omanga chipindacho ankafuna kulandira onse, koma sanafunse mmodzi yemwe. Safunsa anadya phula.

Ndiye inu amene mwapatsidwa ntchito yotere, kaya pasukulu, kundende, pabwalo la ndege kapena kuchipatala, yambani mwakhala pansi ndi eni mapemphero. Mutu umodzi susenza denga. Msilamu adzakuuzani za mpopi pafupi ndi khomo, poika nsapato, ndi pemphero la Lachisanu masana. Myuda ndi wa Seventh-day Adventist adzakuuzani kuti Sabata limalowa dzuwa likamalowa Lachisanu. Mkatolika adzafuna posungira ziwiya za Misa potsekeka bwino. Wa Pentekosite adzabwera ndi ng'oma ndi zimkuzamawu, pamene mnzake kuseri kwa khoma akufuna bata, choncho khomalo likhale lochindikala. Ngati ndalama zikukwanira chipinda chimodzi chokha, ikani makabati, aliyense yake, atulutse zake pa nthawi yake n'kuzibwezeretsa akatha. Ndipo musaiwale gogo woyendera njinga ya olumala. Masitepe sasankha chipembedzo.

Tsono mvetserani za kiyi. Ku Yerusalemu kuli tchalitchi chomangidwa pamalo amene Akhristu ambiri amakhulupirira kuti panali manda a Yesu. Amachigwiritsa ntchito Agiriki a Orthodox, Akatolika, Aarmeniya, Akoputi a ku Egypt, Aitiyopiya ndi Asiriya. Onsewo ndi Akhristu, koma kiyi wa chitseko chachikulu amasungidwa ndi banja lachisilamu la Joudeh, ndipo otsegula ndi kutseka ndi banja linanso lachisilamu la Nuseibeh, kwa zaka mazana ambiri. Pansi pa zenera lina pali makwerero amatabwa amene akhala pomwepo kuyambira zaka za m'ma 1700, chifukwa palibe angasunthe kanthu pamalo a onse popanda onse kuvomera. Mu 2002 mmonke wachikoputi anasuntha mpando wake padenga pothawa dzuwa, Aitiyopiya anati walowa m'malire awo, ndipo ndewu imene inabuka inagonetsa anthu 11 m'chipatala. Sanamenyane chifukwa cha chiphunzitso. Anamenyanirana mthunzi.

Nkhaniyi imandipweteka, ndipo sindikuinena kuti tiwaseke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anthu opemphera sakangana kawirikawiri za kumwamba. Amakangana kuti wasiya zinyalala ndani, wadya nthawi ya anzake ndani, magetsi alipira ndani. Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa nyumba yotereyi tambala amakhala yense amene wagwira kiyi, kapena amene anapereka ndalama zambiri za malata. Kuwongola mtengo m'poyamba. Zimenezi zilembedwe mitima ikadali yozizira, maziko asanakumbidwe: nthawi ya gulu lililonse, wosesa, wosunga kiyi, ndi mkulu wokathetsa mkangano ukabuka. Wosunga kiyiyo akhale munthu amene onse amukhulupirira, ngakhale asakhale wa mpingo waukulu.

Ndipo chipinda chapakaticho musachichepetse posunga ndalama. Muikemo mabenchi, mpopi wa madzi akumwa ndi potenthetsera tiyi. Usiku uja kuchipatala, mayiyo atamaliza kuswali, tinatuluka tonse n'kukhala pabenchi ya pakhonde. Anatulutsa mandasi awiri m'thumba, limodzi n'kundipatsa, ndipo tinadikira dokotala limodzi mpaka kunja kunayera.