Manyazi asatitsekere khomo la ku yunivesite

Ambiri ofuna malo pa yunivesite kuno ku UK amadzera ku UCAS, ndipo fomu yake ndi yolipira. Ofunsira malo a chaka cha 2025 ankapereka £28.50 kuti asankhe maphunziro mpaka asanu. Kuyambira chaka chimenecho, bungweli linachotsa ndalamayi kwa ophunzira amene analandirapo chakudya chaulere cha kusukulu, free school meals, pa zaka 6 zapitazo. Ife tikuyamikira ganizoli. Nkhawa yathu ndi yakuti ana ambiri a Amalawi ku Leeds, Bradford, Manchester ndi Sheffield mwayiwu uwadutsa chifukwa makolo sanawalembetse.

Zifukwa zake tikuzidziwa. Makolo ena amati, “Sitinabwere kuno kudzapempha.” Ena ali ndi ziphaso zolembedwa No Recourse to Public Funds ndipo amaopa kuti akangosayina fomu ya khonsolo, awononga mapepala awo. Koma kuyambira mu April 2022, boma linalola kuti ana a m'mabanja oterowo ku England azilandira chakudyachi, bola ndalama zimene banja limapeza zisapitirire malire amene linaika. Ndi lamulo, si chifundo cha mphunzitsi wamkulu.

Wina anganene kuti £28.50 inali ndalama yochepa poyerekeza ndi fizi ya mu 2025, imene inali £9,535 pa chaka. N'zoona. Koma fizi ili ndi ngongole ya boma kwa oyenerera, pamene ya fomu imafunika pompopompo, mwezi womwewo lendi ikudikira, magetsi akwera, ndiponso agogo ku Ntcheu akufuna feteleza. M'nyumba zotere mwana amangokhala chete mpaka tsiku lotsekera kudutsa.

Komanso nkhani si ya fomu yokha. Mayunivesite amayang'ana kumene wophunzira wachokera, ndipo chakudya chaulere ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene ambiri amagwiritsa ntchito. Kudzera mu Access to Leeds, University of Leeds imatsitsa magiredi amene imafuna kwa ophunzira oyenerera. Newcastle University ili ndi PARTNERS, ndipo University of Manchester ili ndi Manchester Access Programme. Mwana wosalembetsedwa akhoza kuluza zonsezi chifukwa cha manyazi a mbale ya chakudya.

Inu achinyamata obadwira kuno, dongosololi mumalimva kuposa makolo anu. Khalani nawo pansi mwaulemu, muwawerengere fomu ya khonsolo, muwafotokozere m'Chichewa ngati n'kotheka. Ngati munalandirapo chakudyachi, musadumphe funso lake pa fomu ya UCAS, ndipo uzani aphunzitsi anu msanga, pakuti iwo ndiwo amatsimikizira kuti musalipire. Ofuna udokotala, Oxford kapena Cambridge akumbukire kuti tsiku lawo ndi 15 October. Ena ambiri ndi mu January. Azing'ono anu a Year 7 musawaiwale: alembetsedwe tsopano, osati akafika Year 13.

Masukulu ndi makoleji nawonso asadikire kuti mwana adziulule yekha pamaso pa anzake. Amufunse paseri. Atsogoleri a mipingo ndi magulu athu alengeze nkhaniyi monga amalengezera zopereka za maliro.

Makolo athu amagwira mashifiti ausiku m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo amakhoma msonkho ngati wina aliyense. Palibe chochititsa manyazi kutenga chimene lamulo lapereka kwa ana awo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: pitani ku ofesi ya sukulu sabata ino mukafunse.