Khonde likayamba kung'aluka, nyumba yanyamuka ulendo

Masabata atatu apitawo ndinakwera minibasi ya ku Mchinji kukaona mayi anga ku Kachebere, kufupi ndi malire a Zambia. Ndisanakhale n'komwe pansi, mayi anandilozera khonde nati: "Iwe, ndalama ukutumizazi zikuthera mumphika, koma nyumbayi ikupita." Nditayang'ana ndinagwidwa manyazi. Mng'alu unayambira pakhomo mpaka pangodya, simenti inafufuma ngati chigumu, ndipo nsanamira imodzi ya bulugamu chiswe chinali chitaidya mkati monse. Kamwana ka mlongo wanga kanali katapunthwa kale pamenepo n'kugulula dzino.

Nyumbayi tinamanga zaka 7 zapitazo ndi ndalama za geni. Tsiku lokhoma malata tinaphika mpunga, anthu navina. Kuchokera pamenepo palibe anabwererako ndi thumba la simenti ngakhale limodzi. Awa ndiwo matenda athu, abale anga: timakonda kumanga chifukwa anthu amationa, koma kukonza timati n'kutaya ndalama.

Ambiri timayesa khonde ndi pongokhalira alendo kapena poyanika chimanga. Ayi ndithu. Khonde ndilo limatchinga maziko kuti madzi a padenga asakumbe pansi pa khoma. Likang'aluka, mvula yoyambira Novembala mpaka Epulo imalowa mumng'alumo, dothi la pansi n'kufewa, konkire n'kutitimira. Chaka chino ndi khonde, chaka chamawa ndi khoma la kuchipinda. Amayi akumudzi amadziwa zimenezi kuposa ife ophunzira. N'chifukwa chake amazira khonde ndi dothi kawirikawiri osadikira kuti ligumuke. Pafupi ndi kwathuko pali seminale yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1939. Mukaona nyumba zakale zili chiimire, musaganize kuti ndi mapemphero okha. Pali wina amakwera padenga, pali wina amatseka ming'alu.

Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, choncho sindidzitcha injiniya. Koma ndinatha masiku anayi ndikuperekera matope kwa mmisiri wachikulire wa m'mudzimo, ndipo zomwe ndinaona n'zoti aliyense angathe kutsatira.

Choyamba anagogoda khonde lonse ndi hamala. Pomwe pamalira ngati ng'oma, ndiye kuti pansi pali mphako, ndipo pamenepo sapaka simenti pamwamba ayi. Amaswa, kuthira miyala ndi dothi louma, kutsendera kwambiri, kenaka n'kuthira konkire: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala ya kwale. Ming'alu yaing'ono amaikuza pang'ono ndi tchizulo, kusesa fumbi, kunyowetsa, n'kudzaza ndi muyeso umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga wotsukika wa kumtsinje. Mchenga wosakanikirana ndi dothi ndiwo unatipweteka poyamba paja.

Chachiwiri, khonde liyenera kupendekera kunja pang'ono kuti madzi athawe khoma, ndipo pomwe amagwera kuchokera pamalata pakhale ngalande yowatengera kutali. Lathu linapendekera kukhomo, ndiye mvula ikagwa madzi amangodikha pamenepo.

Chachitatu, nsanamira ya mtengo isakwiriridwe m'dothi. Iime pa kaphata ka konkire kokwera, ipakidwe mankhwala a chiswe, ndipo mukaona timisewu ta dothi tikukwera, phwanyani tsiku lomwelo. Chomaliza, chomwe ambiri timachinyoza: simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7. Dzuwa la Okutobala likaiumitsa mwachangu, imang'aluka Khrisimasi isanafike. Paja amati mmera m'poyamba.

Ndikudziwa wina akuti: "Achimwene, mwaona mtengo wa simenti?" Ndauona. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la makilogalamu 50 silinakhalenso chinthu chongogula mwamasewera, kaya ndi ya Shayona ya ku Kasungu kaya yodzera pa chipata cha Mwami. Koma mfundo yanga yagona pomwepo. Ife tinagula matumba atatu. Tikanadikira dzinja lina, tikanakamba za kugwetsa khoma, njerwa zatsopano ndi mmisiri wa mwezi wathunthu. Simenti ikadula, m'pomwe tiyenera kuteteza yomwe tinathira kale. Ndipo musamukakamize mmisiri kuti thumba limodzi ligwire ntchito ya awiri, kenaka n'kumamunena kuti ndi wakuba.

Mawu omwewa apite kwa eni masitolo ndi malandilodi a m'tauni. Pakhonde la sitolo yanu pamakhala telala ndi makina ake, mayi wa mandasi, mnyamata wa mayunitsi, ndipo ambiri a iwo amakulipirani mwezi ndi mwezi. Ophunzira ochita lendi amadumpha maenje pakhomo panu usiku magetsi atazima. Kodi mudikira mpaka nsanamira igwere mwana wa eni ake?

Ine ndabwerako ku Kachebere manja ali matuza okhaokha, koma mayi akusenda mtedza pakhonde losalala. Inu amene mukupita kumudzi kumapeto a mwezi uno, musanalonjere n'komwe, zungulirani nyumba ndi hamala m'manja. Mitambo ikayamba kuda kumadzulo, nthawi yokonza idzakhala itatha.