Octane sagulidwa m'kabotolo

Loweruka madzulo pa Katete, pafupi ndi pomwe msewu wa ku Chanida umapatukira kuchoka mu Great East Road, timakonda kuimika mamotoka athu maboneti ali yasa. Pamakhala Altezza imodzi kapena ziwiri, Subaru ya turbo, ndi ma Corolla ongosinthidwa ekizozi kuti azilira ngati ali ndi mphamvu. Nkhani imayambira pa matayala, koma sichedwa kufika pa thanki. Uyu akuti amathira kabotolo ka octane booster akamadzaza petulo. Uyo akuti thinner wa ku hadiweya ndiye wotchipa. Wina walumbira kuti timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zovala timachita zodabwitsa. Palinso amene amaloza chigubu cha kachasu, nkhope ili gwa, osaseka.

Anzathu, tikudzinamiza, ndipo bodza limeneli likutidyera mainjini.

Tiyambe ndi chimene ambiri a ife sitifuna kumva. Octane si mphamvu. Petulo wa nambala yokwera alibe moto wochuluka kuposa wa nambala yotsika. Nambala ija imangonena kuti petuloyo angapirire kufinyidwa kochuluka bwanji asanaphulike yekha. Mu injini, pisitoni imakwera n'kufinya mpweya wosakanizika ndi petulo, pulagi n'kuyatsa, moto n'kuyenda mwadongosolo kukankha pisitoniyo. Petulo akakhala wosapirira, mbali ina imaphulika yokha moto wa pulagi usanafikeko, ndiye mumamva kaphokoso ngati misomali m'chitini mukaponda mafuta pa mtunda. Kumeneko ndiye kugogoda. Kukapitirira, pisitoni imadyeka m'mphepete, maring'i amathyoka, gasiketi imapsa, ndipo pamapeto pake mumamva mawu amene tonse timawaopa kwa amakanika: yanoka.

Akatswiri amayeza nambalayi poyerekeza petulo ndi msanganizo wa mafuta awiri, iso-octane amene anampatsa 100 ndi heptane amene anampatsa 0. Petulo wa 95 amapirira ngati magawo 95 a woyambayo ndi magawo 5 a wachiwiriyo. Basi. Choncho mwini Vitz kapena Corolla ya teksi amene amagula kabotolo kuti motoka izithamanga wangotaya ndalama ya ndiwo. Injini yake sinagogodepo, ndiye octane wowonjezerayo alibe ntchito yoti agwire.

Vuto lenileni lili kwa ife a mamotoka aukali. Altezza RS200 ya magiya a pamanja ili ndi injini ya 3S-GE imene imafinya pa mlingo wa 11.5 kwa 1. Ku Japan, komwe inachokera, pa filing'i siteshoni pali mapaipi a mitundu: wofiira ndi wa petulo wamba, wachikasu ndi wa octane wokwera. Motoka yotereyi inakulira pa wachikasu, ndipo kapepala ka zilembo za Chijapani kamene kali m'kati mwa kachitseko ka thanki kamanena zimenezo, kungoti sitikawerenga. Pano pa Katete, pa Sinda kapena ku Chipata mpopi wa petulo ndi wa mtundu umodzi. Mtengo wake amalengeza ndi a Energy Regulation Board, ndipo kuyambira 2022 akhala akuuunika mwezi ndi mwezi. Indeni ku Ndola inaleka kuyenga mafuta, paipi ya TAZAMA tsopano imanyamula dizilo, ndiye petulo amabwera pa matanka kuchokera ku madoko. Amene wafikayo ndi yemweyo, wa Subaru ndi wa njinga yamoto amamwera chikho chimodzi.

Motoka ikakhala mmene inachokera ku fakitale, imadziteteza yokha. Ili ndi kachipangizo komva kugogoda, ndipo kakamva, kompyuta ya injini imachedwetsa kuyatsa kwa pulagi. Mphamvu imatsikako pang'ono, injini n'kupulumuka. Malo athu amatithandizanso. Katete ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, mpweya ndi wopepukirako, ndipo injini yopanda turbo siifinya zambiri ngati ili ku Beira. N'chifukwa chake ku Johannesburg, komwe n'kokwera kwambiri, amagulitsanso petulo wa 93 pomwe ku Durban ndi wa 95. Koma turbo imadzipopera yokha mpweya, choncho mwayi umenewu umaichepera.

Ndiye timabwera ife ndi laputopu. Timalipira munthu kuti alowetse mu kompyuta ya motoka mapu otengedwa pa intaneti, olembedwa ndi munthu wa ku Ulaya kapena ku Japan amene pakhomo pake pali petulo wa 98 kapena 100. Boost timakweza, kuyatsa timafulumizitsa, malire amene fakitale inasiya timawadya onse. Tikamva misomali ija m'chitini, m'malo mobwerera kwa wa laputopu uja, timathamangira kabotolo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti m'thanki muli malita 50 a petulo wa 93. Toluene, amene amapezeka mu thinner wambiri, ali ndi octane wa pafupifupi 120. Mutathira malita 5 athunthu a toluene weniweni, mungafike pa 95 ndi theka basi. Mukathira kabotolo ka mamililita 300 ka mankhwala a mphamvu yofananayo, simufika n'komwe pa 93.2. Nanga mabotolo aja olembedwa kuti amakweza ndi mapointi 7 kapena 10? Werengani tizilembo tating'ono. Kwa ambiri opanga zinthuzi, pointi imodzi ndi 0.1, ndiye mapointi 7 ndi 0.7. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaname, alipo mabotolo amene amakwezadi nambala kuposa pamenepa. Ambiri a iwo ali ndi chitsulo cha manganese, ndipo amene anamasulapo mapulagi a motoka yomwa zimenezi anaona mmene amafiirira ngati dothi la katondo. Zofiirazo sizithera pa pulagi. Zimakamatiranso pa kachipangizo koyeza utsi ndi mu catalytic converter. Thinner wa ku hadiweya naye si toluene yekha, ndi msanganizo wosungunulira penti, ndipo wopanga sanaganizeko za mapaipi a labala ndi masilo a pampu yanu. Za timibulu ta njenjete tisatayepo nthawi: timene sitinasungunuke timakatseka sefa.

Kachasu ndiye amafuna kuyankhidwa bwino, chifukwa amene amamunenayo ali ndi kachoonadi kake. Ethanol ali ndi octane wopitirira 100, ndipo anansi athu ku Malawi akhala akumusakaniza ndi petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Koma ethanol wa m'fakitale amachotsedwa madzi mpaka kutsala pang'ono kukhala 100 pa 100. Kachasu wa kumudzi, ngakhale wa mutu, ali ndi madzi ambiri. Mukamuthira mu petulo, madzi ndi mowawo zimalekana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Ndipo ngakhale ethanol weniweni ali ndi moto wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi petulo. Wofuna kumugwiritsa ntchito wambiri amayenera kusintha ma injekita ndi mapu omwe. Si nkhani yongotsanulira.

Koma amene amatikwiyitsa kwambiri ndi uja amanong'oneza kuti ali ndi mnzake amene angapeze petulo wa ndege zing'onozing'ono, avgas 100LL. Petulo ameneyu ali ndi mtovu. Mtovu ndiye unali njira yoyamba yotchipa yokwezera octane: Thomas Midgley, akugwira ntchito ku General Motors, anapeza mu 1921 kuti pang'ono pokha pa tetraethyl lead pamathetsa kugogoda. Zinagwiradi ntchito, ndipo dziko lonse linapuma utsi wa mtovu kwa zaka makumi ambiri. Maiko a kum'mwera kwa Sahara analeka petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza, inaleka mu 2021. Ife a ku Zambia sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo za chitsulo chimenechi. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a kumeneko amapezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana osabwereranso. Ndiye munthu aime pa msika wa Katete akuliza injini, ekizozi italoza amayi ogulitsa tomato, ana ali kumbuyo, kuti apambane mnzake ndi sekondi imodzi? Ameneyo asaimike motoka yake pafupi ndi yathu.

Chodabwitsa n'chakuti yemweyo wodandaula za octane ndi amene amagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu usiku pobwera ku Vubwi. Simudziwa kuti wakhala padzuwa masiku angati, simudziwa ngati sanamuonjezere parafini. Parafini ali ndi octane wotsika kwambiri, ndipo pang'ono pokha amagwetsa thanki yonse. Kabotolo kalikonse sikangabweze zimenezo.

Mnzathu wina anaphunzira izi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali ndi mapu a 98, kabotolo m'thanki ndi anthu anayi m'motoka, akukwera mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba. Mpweya wotentha, katundu wolemera, mtunda wautali pa giya yaikulu: kugogoda sikufuna zina kuposa izi. Nyimbo zinali pamwamba, choncho misomali ija sanaimve. Motoka inafika pa Katete itakwera lole, ndipo ikadali pa miyala kuseri kwa nyumba ya amalume ake, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Njira imene imagwira ntchito siikoma kuinena pagulu, chifukwa ilibe matama. Motoka ichunidwe pa petulo amene ali m'thanki, wogulidwa pa mpopi womwe mudzagulepo mawa ndi mkuja. Wochunayo akhale ndi chomvera kugogoda, ayese motoka masana kukutentha osati m'mawa wa mu Juni, ndipo asiye malire. Boost itsike ngati ikuyenera kutsika. Intercooler ikhale yoyera, redieta isakhale yothiridwa madzi a pachitsime okha, mapulagi akhale a nambala yoyenera, mwaye wa pa mapisitoni uchotsedwe. Mudzataya mahatchi angapo pa pepala, koma mudzapita ku Lusaka n'kubwerako pa matayala anu. Ndipo ngati tikufunadi petulo wa nambala yokwera kuno kum'mawa, pempho limenelo lipite kwa a ERB ndi makampani ogulitsa mafuta, tili gulu, osati kwa mnyamata wa pa hadiweya.

Kumapeto kwa Ogasiti mamotoka adzadzazanso msewu wopita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, ndipo a malaputopu adzabwera nawo kudzasaka makasitomala. Wina akakuuzani kuti akutsegulirani mphamvu yobisika, mufunseni kuti mapu akewo analembedwera petulo wa nambala yanji. Akayankha kuti 98, kapena akayamba kukanda m'mutu, tsekani boneti.