Kunena kuti "wofuna atenge" n'kulipha phunziro

M'mayunivesite ambiri muli chizolowezi chimene sitingachiyang'ane n'kukhala chete. Wophunzira fizikisi amatha zaka zinayi akuwerengetsera ndi kuloweza, kuyambira malamulo a Newton mpaka masamu a Schrödinger. Koma filosofi ya fizikisi, phunziro lofunsa tanthauzo la zimene akuwerengetserazo, amaiponya kumchira kwa ndandanda ya maphunziro, ati wofuna atenge. Kwina kulibiretu. Akuluakulu amati apereka ufulu wosankha. Ife tikuti uku n'kulipha phunzirolo mwaulemu.

Mwana wopanikizika ndi mayeso, malabu ndi nkhawa ya fizi angasankhe bwanji phunziro limene aphunzitsi ake omwe amalinyogodola kuti ndi macheza a pabawo? Vuto si ulesi wa ana. Mlandu uli pa inu aphunzitsi, amene mumati mwana akafunsa kuti "kodi kanthu aka kanali pati tisanakayeze?" mumamuyankha kuti zimenezo sizibwera pamayeso.

Mwaiwala kodi kumene ntchito yanu inachokera? Mu 1935, Einstein, Podolsky ndi Rosen anafunsa ngati quantum mechanics ikufotokoza zonse zimene zilipodi. Akatswiri ambiri anati Niels Bohr wayankha kale, nkhani yatha, tiyeni tiziwerengetsera. Panapita zaka pafupifupi 30 mpaka John Bell, yemwe ntchito yake yeniyeni ku CERN inali ina, anasonyeza mu 1964 kuti mkangano "wa filosofi" uja ungathe kuyesedwa m'labu. John Clauser anauyesadi ku Berkeley mu 1972, akuluakulu ena akumuona ngati wotaya nthawi. Mu 2022 Clauser yemweyo, pamodzi ndi Alain Aspect ndi Anton Zeilinger, analandira mphoto ya Nobel. Lero mayiko akuthira ndalama zankhaninkhani pa makompyuta ndi njira zotumizira uthenga wachinsinsi zochokera pa funso limene linkasekedwa lija. Safunsa anadya phula, ndipo akatswiri a fizikisi analidya kwa zaka zambiri ndithu.

Einstein mwiniwake sanabise kuti kuwerenga David Hume ndi Ernst Mach kunamuthandiza kukayikira zimene aliyense ankaona ngati zodziwikiratu pa nkhani ya nthawi, asanatulutse mfundo zake za mu 1905.

Ena adzati dziko losauka lilibe nthawi ya zoterezi, likufuna mainjiniya ndi magetsi. Inde likuwafuna. Komatu phunziro ili silifuna makina a mamiliyoni; bolodi, mabuku ochepa ndi mphunzitsi wolola kutsutsidwa, basi. Ku University of Malawi ku Zomba, dipatimenti ya fizikisi ndi ya filosofi zili pasukulu imodzi, mtunda woyenda wapansi. Ndipo ena mwa omaliza fizikisi amapita kukaphunzitsa ku sekondale. Amene sanaloledwe kufunsa, naye akaima kutsogolo kwa ana a Fomu 3 adzawatseka pakamwa.

Tikupempha makomiti okonza maphunziro, mwaulemu koma mosabweza mawu: phunziro limodzi la filosofi ya fizikisi likhale lokakamiza m'chaka chachitatu, likhale ndi malikisi ngati ena onse, ndipo aliphunzitse anthu awiri, wa fizikisi ndi wa filosofi, m'kalasi imodzi, ana aziwaona akutsutsana.