Kodi Nkhani Iyambire Pati?

Mnyamata wina amene ndidamphunzitsa, yemwe tsopano akugwira ntchito kunyanja ku Kande, adandifunsa funso limene poyamba ndidaliyesa lachibwana. Usiku akaweruka amasewera The Elder Scrolls Online pa kompyuta ya mnzake, ndipo adati, "Aphunzitsi, kodi ndiyambire gawo liti?"

Seweroli lidatuluka m'chaka cha 2014. Nkhani yake yoyamba ndi ya Molag Bal, chiwanda chofuna kukokera dziko la Tamriel kumalo ake otchedwa Coldharbour. Mu 2016 eni ake adagwetsa mipanda yonse kuti wosewera azipita kulikonse kumene mtima wake wafuna. Pambuyo pake padabwera Morrowind mu 2017, Summerset mu 2018 ndi Elsweyr mu 2019.

Ine ndikuti ayambe ndi Molag Bal, kenaka atsate magawowo monga momwe adatulukira. Taonani Abnur Tharn. Wothamangira ku Elsweyr amangoona nkhalamba yodzikuza yolimbana ndi zinjoka. Koma amene adayenda naye m'nkhani yoyamba adamuona akutumikira Mannimarco, adamuonanso akutembenuka, ndipo pomaliza adamuona akuthawa ndi mkanda wa mafumu. Wotereyu akakumana nayenso, mtima umamgunda, pakuti sadziwa ngati amkhulupirire. Chimodzimodzinso Morrowind, Clockwork City ndi Summerset ndi chingwe chimodzi. Woyambira ku Summerset wamva kale mathero.

Ife a kuno ku Chintheche sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Mishoni ya Livingstonia idayamba ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, nikakhazikika ku Khondowe mu 1894. Mwana amene waloweza za Khondowe pokha sangafotokoze chimene chidachititsa Dr Robert Laws kukwera phiri. Ayenera kuyamba waima pa manda a ku Bandawe, pomwe malungo adagoneka anzake.

Alipo onena kuti sewero la pa intaneti ndi locheza, motero munthu apite kumene kuli anzake. Sindikuwatsutsa kotheratu. Komatu mnyamata wathuyu amalipira intaneti ndi thukuta lake, ndiponso magetsi kuno sachedwa kuzima. Maola ake ndi owerengeka, ndipo nkhani yoti wamva kale mathero ake sangaimvenso kachiwiri ngati yatsopano.

Sabata yatha adandiuza kuti wafika ku Coldharbour, ndipo sadasankhebe mnzake woti apereke nsembe.