Madzi Saiwala Khwawa: Mlandu wa "Advices" Usagwere Mwana

Chaka ndi chaka ana a sukulu za m'Malawi amalemba mawu monga advices, informations ndi furnitures, ndipo chaka ndi chaka cholembera chofiira chimawakhwatcha popanda kuwauza chifukwa. Mphunzitsi amangoti mayina amenewa ndi osawerengeka, salandira chilembo cha s kumapeto, kenaka n'kulemba mndandanda pabolodi kuti ana aloweze pamtima. Ana amaloweza lero, mawa n'kuiwala. Nkhaniyi si yamasewera, pakuti wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Wozengedwa mlandu amakhala mwana, pamene wopalamula ndi kaphunzitsidwe.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwana akalemba advices, maganizo ake akutsata khwawa la chiyankhulo chimene anayamwira. M'Chichewa langizo ndi limodzi, malangizo ndi ambiri. Nkhani ikhoza kukhala imodzi kapena ziwiri, koma news ya Mngerezi siwerengeka. Kumsika munthu amafunsa kuti "Ndalama zingati?" monga wowerenga mbuzi, pamene Mngerezi amati how much money ngati akuyeza ufa. Wolemba how many money waganiza molongosoka ndithu. Chimene sanauzidwe n'choti ziyankhulo ziwirizi zinadula malire pamalo osiyana.

Chomvetsa chisoni n'choti mwanayo amafika kusukulu atadziwa kale gwero la phunziroli. Palibe mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene angafunse amayi ake kuti "Ufa ungati?" kapena "Madzi angati?" Amadziwa kuti funso lotere limayenda ndi nkhuku, mazira ndi anthu, ndipo za ufa amafunsa kuti "Wochuluka bwanji?" Kusiyana kwa how many ndi how much n'komweku. Amadziwanso kuti chinthu chosawerengeka chimawerengedwa ndi chotengera chake kapena chidutswa chake: lichero la ufa, mtsuko wa madzi, mtanda wa nsima, nthuli ya nyama, thumba la chimanga, dontho la mafuta. Mwana womva zimenezi sangadodome ndi a loaf of bread, a bar of soap ngakhalenso a piece of advice.

Msampha weniweni uli pa mawu oti "ambiri" ndi "ochepa". M'Chichewa anthu ambiri ndi madzi ambiri ndi liwu limodzi, koma Chingerezi chimaligawa pawiri, many kwa anthu ndi much kwa madzi. Chimodzimodzi "ochepa" amasanduka few ndi little. Mphunzitsi amene angaloze msampha umenewu m'mphindi zisanu wapulumutsa ana ku zolakwa za zaka zambiri. Wongolembetsa mndandanda wawasiya ayende mumdima.

Alipo amene amatsutsa, amati kutchula Chichewa m'phunziro la Chingerezi n'kuchedwetsa ana, ndipo amaloza lamulo la maphunziro la 2013 limene linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. M'sukulu zina mwana amapatsidwa chilango akamveka akuyankhula Chichewa. Komatu palibe lamulo kapena chilango chimene chingafafanize chiyankhulo chimene chinakhazikika kale m'mutu. Mwana woletsedwayo amamasulirabe chamumtima, yekhayekha, popanda womuwongolera, ndipo zotsatira zake ndi advices yemweyo. Kufanizira poyera, mphunzitsi ali pomwepo, ndiyo njira yachidule.

Eni chiyankhulo nawonso amakangana pa mawu omwewa. Lamulo loti fewer ndi wa zowerengeka ndipo less ndi wa zosawerengeka linayambira pa maganizo a Robert Baker m'chaka cha 1770, Angerezi atagwiritsa kale ntchito less pa zinthu zowerengeka kwa zaka mazana ambiri. Mu 2008 sitolo za Tesco ku Britain zinayamba kusintha zikwangwani zoti "10 items or less" anthu atadandaula kuti galamala yake ndi yolakwika. Ngati eni mudzi akupunthwa pa chitsa cha pabwalo pawo, n'kulakwa kuseka mwana wa ku Ntchisi amene wapunthwa pomwepo.

Izi sizikutanthauza kuti furnitures aloledwe pa mayeso. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna Chingerezi alandire ndi zovuta zake zomwe: advice, luggage ndi equipment ziyenera kulembedwa monga eni ake amalembera. Chofunika kusintha ndi poyambira. Makoleji osula aphunzitsi awaphunzitse kuyala ziyankhulo ziwirizi pamodzi, kuti aziona pamene zikugwirizana ndi pamene zikupatukana. Ndipo mphunzitsi asanakhwatche kope la mwana, ayambe wamufunsa kuti kwawo ufa amauwerenga bwanji. Yankho la mwanayo ndilo theka la phunziro.